Bondo la Lufeyo

Masiku apitawa ndinamva anthu ophunzira akukangana pa wailesi za makamera aang'ono amene akuti apolisi onyamula mfuti azivala pachifuwa. Mmodzi anati zikatero nkhanza zitha, pakuti palibe angamenye munthu diso la makina likumuyang'ana. Anzake anavomereza mokondwa, ngati anthu amene apeza mankhwala a nthenda yakalekale. Ine ndinaitseka wailesiyo. Mkazi wanga anafunsa chimene chandipsetsa mtima. Kamera yotereyi ndinaiona ili pachifuwa pa munthu wa mfuti, ndinaonanso zimene inajambula.

Ndinapita ku Doha ndili munthu wamkulu kale. Olemba anthu ntchito ankafuna anyamata, choncho usanafike mmawa wokaonekera kwa iwo mkazi wanga anandikhazika pa mtondo, nandidetsa imvi zonse ndi mankhwala akuda a kumsika. Chimene chinandipulumutsa kwenikweni sichinali tsitsi koma Chingerezi cha m'buku chimene ndinachiphunzira ku sukulu ya mishoni, kumene anatiphunzitsanso kusita kolala ndi kuvula chipewa pamaso pa wamkulu. Anandilemba ulonda. Ntchito yanga yoyamba inali kukweza ndi kutsitsa chitsulo chotchinga msewu pa nyumba za anthu olemera ku Madinat Khalifa. Magalimoto ankadutsa magalasi ali otseka, ndipo ndinatha miyezi yambiri ndikupereka sawatcha kwa anthu amene nkhope zawo sindinazione. Dzuwa la kumeneko silitentha ngati lathu. Limakupsinja paphewa ngati thumba la mchenga.

Tinkagona m'nyumba ya kampani kuseri kwa Al Aziziya, m'zipinda za mabedi osanjikizana, mmene fungo la nsapato, la anyezi ndi la thukuta la mitundu yambiri ya anthu linkasakanikirana. M'chipinda chathu munali Amalawi awiri okha: ine ndi Lufeyo. Ena onse anali a ku Nepal, ndipo amene ankagona pansi pa bedi la Lufeyo anali Ramu, munthu wamfupi woseka ndi mano onse, amene anaphunzira kunena kuti "zikomo achimwene" nkumabwereza mawuwo pa chilichonse.

Lufeyo anali wa ku Ntcheu, dalaivala wa basi yonyamula antchito a m'mahotela. Anakwatira chikamwini, ndipo anasiya mkazi wake Naphiri ndi ana pamudzi pa akuchikazi. Sindinaonepo munthu wa msinkhu wake woleredwa ngati iye. Sanandipatsepo kapu ya tiyi ndi dzanja limodzi. Ndikakhala pansi iye sankandilankhula ataimirira. Ankanjuta kaye, kenaka nkuyamba. Tsiku lopuma Amalawi tinkakumana ku Al Muntazah kukamwa tiyi wa mkaka wotsekemera amene kumeneko amamutcha karaki, ndipo anyamata ankamuseka.

"Iwe Lufeyo, kuno ndi ku Doha," ankatero mmodzi wa ku Ndirande. "Maondo ukanasiya pa eyapoti. Madalawa si apongozi ako."

"Asiyeni maondo anga," ankayankha Lufeyo. "Si amene akukulipirira akomodeshoni."

"Udzagwadira ndi loboti ya pamsewu iwe, ikakuonetsa ledi."

Iye ankangoseka, nandipatsira karaki wanga ndi manja awiri, dala, kuti awapsetse mtima.

Nthawi imeneyo lamulo la ntchito linali litangosinthidwa, ndipo zinamveka kuti munthu angathe kuchoka kwa bwana wake kupita kwa wina osapempha chilolezo. Ambiri sitinakhulupirire. Lufeyo anakhulupirira, napeza hotela ina imene inkafuna madalaivala. Inalonjeza malipiro abwino ndi tchuthi chopita kwawo. Chimene inafuna kwa iye chinali chimodzi: dzina loyera, lopanda mlandu. Ankandiuza zimenezi monong'ona, ngati munthu wonyamula mazira m'thumba la malaya.

Kenaka mliri wa chifuwa uja umene unagwedeza dziko lonse unabweranso mwamphamvu, nulowa m'nyumba yathu. Anthu atapezeka nawo pa nsanjika yachiwiri, chipata chinatsekedwa. Panja anajambula mzere wachikasu pa phula, ndipo kuseri kwa mzerewo anaikako amuna a mfuti. Gulu lawo sindilitchula. Ife tinkangoti apolisi, pakuti kwa munthu wa kwathu aliyense wa yunifolomu ndi mfuti ndi wapolisi. Popeza ndinali mlonda, anandiika m'kanyumba ka pachipata cha mkati, kuti ndizilandira mapaketi a chakudya galimoto ikabwera.

Aliyense wa amfutiwo anali ndi kamera pachifuwa, kanthu kakuda kofanana ndi bokosi la machesi, kokhala ndi kagetsi kofiira kothwanima. Tinaiona kamerayo ndipo mitima inakhala pansi. Anyamata akamanjenjemera poona mfuti, tinkalimbikitsana kuti anthu amene akujambulidwa sangachite chinthu chopusa. Tinkaiona ngati mboni imene boma latiikira ife.

Ramu anayamba ndi kutsokomola. Patapita masiku mpweya unayamba kumuthawa. Tsiku limenelo, dzuwa lili paliwombo, milomo yake inasanduka yotuwa ngati phulusa, ndipo chifuwa chake chinkalira ngati mvukuto wong'ambika. Tinamuimbira supavaiza kuyambira mmawa. Yankho linali limodzimodzi: "Ambulansi ikubwera, inshala, Mulungu akalola." Tikaimbanso: "Mafi mushikila, palibe vuto, dikirani." Kenaka foni yake inaleka kuyankhidwa.

Galimoto ya chakudya itafika ndinatsegula chipata pang'ono monga mwa masiku onse. Ndinangomva mphepo pambali panga: Lufeyo wadutsa. Anali ndi masiki kukamwa, patapata kumapazi, m'manja mulibe kanthu. Anadumpha mzere wachikasu, nalunjika kwa wamfuti amene anali pafupi, mnyamata wowonda amene maso ake okha ndiwo ankaoneka pamwamba pa masiki.

Wamfutiyo anakuwa m'Chiluya, kenaka m'Chingerezi, kuti abwerere. Tsono apa ndi pamene ndifuna wowerenga wa kwathu andimvetse, pakuti iye yekha ndiye angamvetse. Mwana woleredwa bwino wamkulu akamukalipira sathawa, ndiponso samupatsa msana. Amatsika. Akakalipidwa kwambiri amatsikanso kwambiri, nasendera pafupi, manja ali pamodzi, kuti wamkuluyo aone kuti wabwera ndi pempho osati mwano. Lufeyo anachita zimene amayi ake anamuphunzitsa. Anawerama, nanjuta, nasendera chinjutire akuomba m'manja pang'onopang'ono. Wamfuti anakuwanso, mawu ake atasweka ndi mantha. Lufeyo anagwada bondo limodzi pa phula lotentha lija, natambasula manja onse awiri kutsogolo.

"Bwana, chonde! Munthu akufa m'katimu! Pilizi, bwana, ambulansi!"

Mnyamatayo anatembenuza mfuti, namumenya paphewa ndi mbali yolemera ija imene imatsamira pa msilikali akamaombera. Lufeyo anagwa chammbali. Apa nkhani ikanathera, pakuti munthu wagona pansi ndipo manja ake akuoneka. Koma sinathere. Anamumenyanso, namumenyanso, tsopano pa bondo limene linali lopinda, ndipo ndinamva kulira kwake ndili pachipata: khoo, ngati phesi louma lapondedwa ndi ng'ombe. Mnzake wa wamfutiyo anatiloza ife ndi mfuti kuti tisatuluke. Ndinakuwa m'Chingerezi changa chonse cha ku mishoni, ndipo sichinandithandize kanthu. Nthawi yonseyo kagetsi kofiira kaja kankathwanima pachifuwa pa womenyayo, phethi, phethi, osaleka.

Ambulansi imene inakanika kubwera kuyambira mmawa inafika msanga ndithu. Inatenga Lufeyo, ndipo ife titakuwa tonse pamodzi pa mawindo, inatenganso Ramu. Ramu anachira. Ndimanena zimenezi kuti zidziwike: bondo lija linagula moyo wa munthu.

Mmawa mwake mkulu wa kampani, amene tinkamutcha mudiru, anaima kutali ndi chipata natiuza kuti Lufeyo waukira wapolisi ndipo amafuna kumulanda mfuti. Ndinamuuza kuti ndinaona zonse ndi maso anga. Iye anandiyang'ana ngati ndine mbuzi yalankhula.

"Iwe ndiwe mnzake," anatero. "Mawu ako sawerengedwa. Pali kamera."

Ndipo ine, mu umbuli wanga, ndinasangalala. Ndinabwerera m'chipinda nkuwauza anzathu kuti asadandaule, choonadi chili m'kabokosi kaja, chikungodikira kutsegulidwa.

Chipata chitatsegulidwa anandiitana ku ofesi ina mumzinda, kuti ndikamasulire mawu a Chichewa amene ankamveka mu kanemayo. Ndinasita yunifolomu yanga ngati ndikupita ku mgonero. Chipindacho chinali chozizira ngati mosungira maliro. Kumpando kunali mkulu wa ndevu zometedwa bwino, waulemu ndithu, amene anandipatsa botolo la madzi nanditcha "ankolo." Pakhomo panaima msilikali. Lufeyo munalibe, anali kuchipatala, mlonda ali pambali pa bedi lake.

Anayatsa kanema. Ndinayembekezera kuona zimene ndinaona tsiku lija, koma ndinaona zina. Kamera ya pachifuwa imaona dziko monga chifuwacho chikulionera. Ndinaona munthu wakuda, nkhope yobisika ndi masiki, akutuluka pachipata mothamanga, akukula pa galasi pamene akuyandikira. Ndinamuona akutsika mwadzidzidzi pansi pa chithunzi, kenaka manja awiri akukwera kuchokera pansi kulunjika m'chiuno mwa wovala kamerayo, kumene kuli lamba ndi zida. Kuomba m'manja kuja sikunkamveka, kunamizidwa ndi kukuwa. Pambuyo pake chithunzi chinayamba kugwedezeka: thambo, phula, thambo, khoma, phula. Kunkamveka kugunda, ndi kubuula kwa Lufeyo. Koma mkono umene unkamenya sunaoneke ngakhale kamodzi. Mfuti sinaoneke. Nkhope ya womenya sinaoneke. Diso lija limaona munthu aliyense pa dziko lapansi kupatula mwini chifuwa chimene lakhalapo.

Mkuluyo anabweza kanemayo m'mbuyo, namuimitsa pamene manja aja anali m'mwamba, nandifunsa zimene munthuyo ankanena. Ndinamasulira liwu ndi liwu. Anagwedeza mutu, nalemba.

"Koma bwana," ndinatero, "mawuwo si nkhani yonse. Thupi lakelo nalonso likulankhula. Kwathu munthu akamapempha kwa wamkulu amatero. Kumeneko ndi kudzichepetsa kotsiriza kumene munthu wamwamuna ali nako."

"Anauzidwa kuti abwerere," anayankha modekha. "Sanabwerere. Anayandikira. Mwaona nokha, ankolo."

"Ndiye ulemuwo, bwana. Akanatembenuka nkukupatsani msana, kwathu kukanakhala kunyoza."

Ndinaona kuti mawu sakulowa, choncho ndinadzuka pampando kuti ndimuonetse. Ine, nkhalamba ya imvi zobisa, ndinanjuta pa matailosi ozizira aja, ndinasendera kutsogolo ndikuomba m'manja, ndinagwada bondo limodzi nditatambasula manja. Pomwepo ndinamva nsapato kumbuyo kwanga. Msilikali wa pakhomo uja anali atafika kale pamsana panga, dzanja lili pa mfuti. Mkuluyo anamuletsa ndi chala, kenaka anandiyang'ana, namwetulira pang'ono.

"Mwaona?" anatero. "Naye wadzidzimuka. Dzukani, ankolo."

Ndinadzuka. Ndinapempha kuti apitirize kanemayo, timve kuti kugunda kunamveka kangati munthu atagwa kale. Anati gawo limenelo silikukhudza ntchito imene anandiitanira. Ndinafunsa za kamera ya wamfuti wachiwiri, amene anaima chapatali ndipo anayenera kujambula zonse, womenya ndi womenyedwa. Anati imeneyo si mbali ya mlanduwu. Ndinafunsa ngati mnyamata uja adzafunsidwa chilichonse. Anati zimenezo ndi za m'kati mwawo. Pomaliza ndinapempha kuti Lufeyo apatsidwe kanema wakeyo, popeza ndi thupi lake limene lili mmenemo. Anatseka kompyuta.

"Khalasi, tathana, ankolo. Zikomo."

Ndicho chifukwa chake ndinatseka wailesi tsiku lija. Sindikunena kuti apolisi athu asavale makamera. Avale, ndipo avale msanga. Koma amene akuomba m'manja pa wailesi andiuze kaye: kanemayo adzasungidwa m'kabati ya yani? Adzasankha ndani pamene ayambire ndi pamene athere? Mayi amene mwana wake wathyoledwa nthiti pamsika adzaloledwa kukhala pansi nkuonera yense, kapena adzamuonetsa kachidutswa kamene mwanayo akuoneka akukweza dzanja? Mboni imene imagona m'nyumba ya woimbidwa mlandu, nkumadya kwa iye, nkumalankhula pokhapokha iye waitsegula pakamwa, imeneyo si mboni. Ndi wantchito wake.

Lufeyo anamupatsa zosankha ziwiri: akhale m'chitolokosi kudikira mlandu umene tsiku lake silikudziwika, kapena avomere kubwezedwa kwawo osadzabweranso. Anavomera kubwezedwa. Madokotala anamuika zitsulo m'bondo, ndipo mwendowo unauma chiongokere ngati munsi. Hotela ija inalemba munthu wina. Ndinamulongedzera katundu wake m'chikwama chimodzi, ndipo Ramu, amene anali atangotuluka m'chipatala, anaikamo wotchi yake akulira, akubwereza mawu ake aja awiri okha a Chichewa. Sanatilole kumuperekeza.

Ine ndinatsala. Ndinagwiritsa ntchito lamulo latsopano lija, nkuchoka pa kampaniyo kupita pa chipata cha hotela ina. Ndalama zimene ndinkatumiza zinafolera nyumba ndi malata, zinamalizitsa ana sukulu. Sindinaleke kupereka sawatcha, koma kuyambira tsiku lija ndikaona kagetsi kofiira pachifuwa pa munthu, ndinkaima chiriri manja ali poonekera, ndipo anyamata atsopano ochokera kumudzi ndinkawaphunzitsa chinthu chimene aphunzitsi anga a ku mishoni akanandikwapula nacho: wa mfuti akakukalipira, usatsike, usasendere, iwala kuti unaleredwa.

Nditabwerera kwathu ndinapeza ana anga akula, akundilankhula mwaulemu wa alendo, ndipo mkazi wanga atazolowera kulamula zonse yekha, mwakuti ndinkachita kufunsa kumene kumakhala khasu. Zimenezi sindinadandaule nazo. Chimene chinandisowetsa tulo ndi uthenga umene ndinalandira kuchokera ku Ntcheu: banja la Lufeyo likutha.

Mbiri inali itamutsogolera kudzera pa mafoni. Pamudzi ponse pankadziwika kuti anamubweza chifukwa anamenya wapolisi. Amalume ake a Naphiri, a Chikaonda, amene ndiwo ankhoswe ndi eni mbumba, anali atapirira nthawi yaitali mkamwini amene sangalime, sangayendetse galimoto, ndipo pamaso pa akuluakulu amaima chilili kapena kukhala pansi mwendo utaloza apongozi. Ankati mwendo wathyokawo ndi malipiro a mwano wake, ndipo munthu womenya boma la eni adzamenyanso mwana wawo tsiku lina. Anaitanitsa bwalo la ankhoswe kuti amuuze atenge zake azipita kwawo. Lufeyo anapempha kuti adikire mpaka ine ndifike.

Tinakhala pabwalo la nyumba ya amayi ake a Naphiri, chakummawa. A Chikaonda anakhala pa mpando wawo wamanja, ine anandipatsa kampando kamatabwa, Naphiri ndi amayi ena anakhala pa mphasa. Lufeyo anaima chapambali atatsamira ndodo, pakuti kukhala pansi kukanaloza mwendo uja kwa eni mudzi. Anali atawonda, ndipo sanandiyang'ane m'maso.

Ndinafotokoza zonse monga ndafotokozera pano, mosathamanga: za Ramu, za mzere wachikasu, za kunjuta, za kulira kwa bondo. Amayi ena anagwira pakamwa. Nditamaliza, a Chikaonda anakhosomola, nakonza chipewa pa bondo.

"Akuluakulu, tamva, ndipo tathokoza kuti mwayenda ulendo wautali. Koma inu ndi mnzake, munkagona chipinda chimodzi. Mwanena nokha kuti panali kamera. Nanga kanemayo ali kuti? Masiku ano chilichonse chimabwera pa foni. Ngakhale mbuzi ikaba chimanga timaionera. Akanakhala wosalakwa, si bwenzi titaona?"

Mawu a mudiru uja, omwewo, tsopano m'chilankhulo changa, pakamwa pa munthu wa msinkhu wanga! Ndinaiwala kuti ndine mlendo.

"A Chikaonda," ndinatero, ndipo mawu anga anakwera kuposa mmene amayenera, "kanemayo ali kwa amene anathyola mwendowo. Mukufuna akutumizireni? Ine ndinamuona. Ndipo ndikukuuzani kuti akanafika pano, inu nokha mukanazindikira msanga chimene anthu aja sanathe kuzindikira. Mukanaona mkamwini wanu akuchita zimene inu mumafuna azichita pabwalo pano. Anagwada, bambo! Anamuthyola chifukwa chogwada, ndipo inu mukumuthamangitsa chifukwa chosagwada. Munthuyu alowere kuti? Kale mawu a munthu wa imvi amene anaona ndi maso ake ankakwana kumanga kapena kumasula mlandu. Lero mwatigulitsa ife tonse kwa kabokosi kamene makiyi ake ali ndi womenyayo."

A Chikaonda anayang'ana kumbali, nsagwada zitalimba. Ndinadziwa kuti ndawachititsa manyazi pamaso pa mbumba yawo, ndipo munthu wochititsidwa manyazi sabweza mawu ake. Lufeyo nayenso anadziwa. Ndinamuona akuika ndodo pansi.

"Malume," anatero motsitsa, "musawakwiyire madalawa. Ndine ndikupempha. Ana anga ali pano."

Ndipo anayamba kutsika. Anapinda bondo lamoyo lija, mwendo wouma nutsetsereka chammbali m'fumbi. Anayesa kubweretsa manja pamodzi kuti aombe, koma popanda chogwira thupi linapendekeka, nagwa ndi phewa, monga momwe anagwera pa phula la ku Doha. Anadzuka ndi zigongono, nayesanso. Thukuta linali chuchuchu pankhope pake. Palibe anasuntha. Ine ndinatseka maso, pakuti ndinali nditaziona kale kawiri, kamodzi pachipata ndi kamodzi pa galasi, ndipo kachitatu sindikanatha.

Nditatsegula, Naphiri anali atadzuka pa mphasa. Anamugwira mwamuna wake m'khwapa, namuimiritsa, namusasa fumbi paphewa ndi nsonga ya chitenje. Kenaka analowa m'nyumba, natuluka ndi mpando wamanja wofanana ndi wa amalume ake, umene unkasungidwira abusa akabwera kudzayendera. Anauika pambali penipeni pa a Chikaonda, miyendo ya mipandoyo itatsala pang'ono kugundana.

"Khalani apa, bambo a Chisomo," anatero. "Mwagwada mokwana."

Lufeyo anazengereza. Iye anamukankhira pansi ndi dzanja paphewa, mwendo wouma uja nutambalala pabwalo poyera, kuloza kumene unafuna. Pamenepo Naphiri anagwada yekha pamaso pa amalume ake, maondo onse awiri.

"Malume, kugwada kwa nyumba ino ndizigwada ine. Koma akachoka pamudzi pano, ine ndi ana tinyamuka nawo tsiku lomwelo."

A Chikaonda anakhala nthawi yaitali akuyang'ana mwendo uja. Kenaka anavala chipewa, nati dzuwa lakwera ndipo ali ndi fodya woti akaone kumunda. Sanapepese, ndipo sanabwezenso nkhaniyo. Kwa munthu wa mtundu wawo, kumeneko kunali kugamula.

Banjalo lilipo mpaka lero. Lufeyo amakonza njinga zamoto pa msika wa kwawoko, ndipo pa maliro kapena pa ukwati Naphiri amamunyamulira mpando pamutu nakauika pakati pa akuluakulu. Alipo amene amang'ung'udzabe. Mnyamata wa mfuti uja sindidziwa kumene ali; mwina anakwezedwa pa ntchito, mwina ali ndi ana amene amawanyamula pa maondo ake awiri abwinobwino. Kanema uja, ngati sanamufufute, ali m'kabati ina yozizira ku Doha, ataimitsidwa pamene mkulu uja anamuimitsa. Mmenemo Lufeyo akadali chigwadire, manja ali m'mwamba, akudikira kuti wina amuyankhe.